Kodi mumadziwa kuti amene anapeka nyimbo za Oliver! sankadziwa kuwerenga manoti?

Lionel Bart, wopeka nyimbo za sewero lotchuka la ku Britain lotchedwa Oliver!, sankatha kulemba kapena kuwerenga manoti a nyimbo.

Nyimbo ikamubwerera m'mutu ankangoiimba, ndipo katswiri wina, Eric Rogers, ndiye ankaiika papepala kuti oimba zida aitsatire. 

Seweroli, lochokera m'buku la Charles Dickens lonena za mwana wamasiye Oliver Twist, linayamba kuonetsedwa ku New Theatre mumzinda wa London pa 30 Juni 1960, ndipo linaonetsedwa ka 2,618 lisanatsekedwe. Chaka chomwecho kampani ya Decca inajambula chimbale cha osewera oyambawo, momwe mukumveka mawu a Ron Moody ngati Fagin ndi Georgia Brown ngati Nancy.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Bart anadzagulitsa umwini wa nyimbozi pamtengo wozizira, ndipo pofika 1972 anali atamira m'ngongole.