Mwana wochitidwa opaleshoni ya njira ya ndulu: tisazengereze akatentha thupi

Inu akatekisi ndi atsogoleri a miphakati ya ku Namitambo ndi madera ena a m'boma la Chiradzulu, tikufuna tikambirane za matenda amene sagwira ana ambiri, koma oopsa kwambiri.

Makanda ena amabadwa njira zotulutsa ndulu m'chiwindi zili zotsekeka, kapena zimatsekeka m'masabata oyambirira. Madokotala amawatcha matendawa biliary atresia. Ndulu ikalephera kufika m'matumbo imadzadza m'chiwindi n'kumachiwononga. Mwana amakhala ndi chikasu chopitirira masabata awiri, mkodzo wake umada, ndipo chimbudzi chimatuwa ngati phulusa.

Thandizo lake ndi opaleshoni ya Kasai, imene dokotala wa ku Japan, Morio Kasai, anaifalitsa m'chaka cha 1959. Dokotala amachotsa njira zotsekekazo ndi kulumikiza thumbo laling'ono kuchiwindi kuti ndulu izitsikira m'menemo. Opaleshoniyi imathandiza kwambiri ikachitika mwana asanakwanitse miyezi iwiri. Kuno kummwera, maopaleshoni akuluakulu a ana amachitikira ku Mercy James Centre, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, malo amene anatsegulidwa m'chaka cha 2017.

Komatu opaleshoni ikatha, ntchito yosamala mwanayo imakhala itangoyamba. Popeza thumbo tsopano lagundana ndi chiwindi, tizilombo ta m'matumbo timatha kukwera ndi kutupitsa tinjira ta ndulu ta mkati mwa chiwindicho. Vutoli, lotchedwa cholangitis, limagwira ana ambiri otere, makamaka m'chaka choyamba, ndipo limatha kubwerezabwereza. Nthawi iliyonse likachedwa kuchizidwa limasiya zipsera m'chiwindi, ndipo ndulu imene inayamba kuyenda bwino imatha kuimanso.

Zizindikiro zake ndi izi: kutentha thupi, kubwereranso kwa chikasu m'maso, kutuwanso kwa chimbudzi, kukana kuyamwa ndi kufooka. Ngozi yathu ndi yakuti kwathu kuno mwana akatentha thupi timathamangira kunena kuti ndi malungo, n'kumugulira panado pa golosale. Panado amangoziziritsa thupi pamene tizilombo tikupitiriza kuwononga. Mwana wa opaleshoni ya Kasai akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku. Mayi atenge buku la kuchipatala ndi kalata yotulukira, ndipo auze achipatala za opaleshoniyo asanamufunse n'komwe. Kuchokera pa chipatala chaching'ono cha Namitambo, cha boma ku Chiradzulu, kapena cha mishoni cha St Joseph ku Nguludi, achipatala angathe kumutumiza ku Blantyre. Mankhwala ake ndi opha tizilombo, operekedwa kudzera m'mitsempha kwa masiku angapo mwana atagonekedwa. Kutupa mimba, kusanza magazi ndi chimbudzi chakuda bii nazonso n'zofunika kuthamangira nazo.

Kunyumba, mayi apitirize kuyamwitsa, azipita naye kusikelo, ndipo asadukize mankhwala ndi mavitamini A, D, E ndi K amene dokotala walemba, chifukwa popanda ndulu yokwanira thupi limavutika kuyamwa mafuta ndi mavitaminiwa. Mankhwala azitsamba asamwetsedwe, pakuti chiwindi chodwala sichingawapirire. Ana ena amadzafunikabe kuikidwa chiwindi china, monga amachitira ku Cape Town ndi ku Johannesburg. Tsono kuteteza chiwindi chimene mwana ali nachocho ndi nkhani ya moyo.

Ife a Mpingo tili ndi gawo lathu. Matendawa si ufiti, si tsempho, ndiponso si chilango pa makolo. Tiphunzitse zimenezi momveka bwino. Mphakati udziwe banja lotere, usungiretu kandalama ka mayendedwe, ndipo upanganiretu ndi wanjinga yamoto woti akhoza kudzutsidwa usiku. Ena asamale ana otsala pakhomo ndi kumunda pamene mayi akudwazika. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anakhazikitsa Tsiku la Odwala la pa 11 February m'chaka cha 1992 pofuna kutikumbutsa udindo umenewu. Tiwapempherere anawa ndi makolo awo, ndipo tikatha kupemphera tiwaperekeze kuchipatala.