Akalakwa ndi bwana, amalipira ndani? Njira yofunsira ku Nyumba ya Malamulo

Anthu a kuno ku Nsaru sitifunika kuuzidwa kuti boma limalipira zolakwa za antchito ake. Tinaziona kwa anansi athu a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Mu 2020 Khoti Lalikulu linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu Okutobala 2019 apepesedwe, ndipo chipepesocho chinaposa K100 miliyoni. Kenaka kunabuka phokoso pa K255 miliyoni ya maloya. Ndalama zonsezi tinazidziwa chifukwa mlandu unali pabwalo poyera. Nanga zija amagwirizana kuchipinda, wodandaula n'kusainira kuti sadzayankhulanso?

Funsoli likukhudzanso Nyumba ya Malamulo. Kumeneko kuli alembi, madalaivala, amesenjala ndi ena olembedwa ntchito ndi Parliamentary Service Commission, imene wapampando wake ndi Sipikala. Wina akachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, kapena akavutitsidwa ndi bwana womufuna chibwenzi, zomwe lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa, chipepeso chikhoza kutuluka m'thumba la boma. Thumbalo ndi msonkho uja mumadula pogula sopo ndi mayunitsi. Ku America zinaululika mu 2017 kuti ofesi yoona madandaulo a antchito a Congress inali italipira madola oposa 17 miliyoni m'zaka 20, anthu osadziwa. Mu 2018 anasintha lamulo kuti phungu wozunza wantchito azibweza yekha ndalamazo.

Chida chathu ndi lamulo la Access to Information, limene aphungu anavomereza mu 2016 koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Papepala njira yake ndi yaifupi. Ofesi iliyonse ya boma iyenera kukhala ndi mkulu wopereka uthenga, information officer. Mumapempha polemba, kapena pakamwa ngati simutha kulemba, iye n'kukulemberani. Yankho liyenera kubwera pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Kufunsako n'kwaulere, mumangolipira fotokope.

Choyamba, pamene zimaima ndi pa mkulu ameneyu. M'maofesi ambiri dzina lake silinamatidwe paliponse, ndipo mlonda wa pageti sanamumvepo. Mukamupeza mlembi, akuti bwana ali ku msonkhano ku Salima, mubwere Lachinayi. Amanena mopepuka ngati Nsaru ili kuseri kwa Capital Hill, osawerengera ya kabaza, ya minibasi popita ndi pobwera, ndi tsiku lathunthu lomwe mwasiya kumunda. Ndiye musachoke chimanjamanja. Lembani makalata awiri ofanana, imodzi muisiye, inayo akudindireni chidindo chokhala ndi deti. Popanda chidindocho masiku 15 aja alibe poyambira, ndipo mukadzabwerera adzakuuzani kuti kalata yanu sanaione.

Chachiwiri ndi kukankhirana. Milandu yambiri ya boma imayendetsedwa ndi ofesi ya Attorney General, pamene ndalama zimadzera ku Treasury. Choncho ku Nyumba ya Malamulo akhoza kukulozerani ku Unduna wa Zachilungamo, kumeneko n'kukulozerani ku Unduna wa Zachuma. Nzeru ndi kulembera onse atatu tsiku limodzi, ya ku Nyumba ya Malamulo ipite kwa Clerk of Parliament, amene amayankha pa ndalama za nyumbayo.

Koma chachikulu ndi kafunsidwe. Mukafunsa kuti "ndani anapatsidwa chipepeso", mwawapatsa pothawira, chifukwa lamulo limateteza zinsinsi za munthu. Ndipo apa lamulo likulondola. Mayi amene anazunzidwa ku ntchito sayenera kumveka dzina pa wailesi. Inu funsani ndalama: chaka chakuti ndi chakuti munalipira zingati pa madandaulo a antchito, milandu inali ingati, inali ya mtundu wanji, ndipo wolakwayo anabwezako kapena ayi? M'mafunso amenewa mulibe dzina la munthu, kotero wokana ayenera kupeza chifukwa china, ndipo achilembe. Musalole kukanidwa pakamwa.

Akakana kapena akangokhala chete, mumapempha mkulu wa ofesiyo kuti aunikenso. Zikakanika mumapita ku Malawi Human Rights Commission, bungwe limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli, ndipo pambuyo pake kuli khoti. Kunena zoona, mlimi mmodzi sangaupirire ulendo wonsewu. Zimapepukako pempho likachokera ku komiti ya chitukuko ya ADC kapena gulu la mpingo, anthu n'kusonkherana thiransipoti ya mmodzi. Phungu wanu nayenso ali ndi mphamvu yofunsa nduna m'nyumbamo, kapena kukankhira nkhaniyi ku komiti ya Public Accounts, imene imaunika malipoti a Auditor General. Kungoti pa nkhani iyi mukumupempha kuti afunse za nyumba imene iye mwini amalandirako malipiro, ndiye mukamupatsa kalata, nayenso asainire kuti walandira.