Masabata 12 a bwana ndi kalembera wa Mtukula Pakhomo

Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa miyezi 6. Ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka sagulitsidwa. Chimene chimasowetsa tulo wodwala amene ali pa ntchito, kaya ndi kalaliki wa m'sitolo kapena mlonda, ndi ufa ndi lendi.

Lamulo la ntchito la 2000 limati munthu amene wakwanitsa chaka kwa bwana mmodzi akadwala, apatsidwe masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka la malipiro pa chaka, bola abweretse kalata ya dokotala. Ndalamazo zimachoka m'thumba la bwana, boma siliponyapo ngakhale tambala. Ubwino wake, thandizoli limabwera msanga ndipo ndi ufulu: bwana akakana, munthu atha kukadandaula ku ofesi ya zantchito. Koma masabata 12 akatha, wodwala uja amakhala ali pakati penipeni pa mankhwala ake.

Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama la boma kwa mabanja osauka, amayenda njira ina. Anayambira ku Mchinji mu 2006, Machinga n'kukhala limodzi mwa maboma oyambirira kumulandira, Balaka pambuyo pake ndi thandizo la dziko la Ireland. Mtukula Pakhomo safunsa kuti unkalandira zingati. Amayang'ana khomo lonse: mabanja 10 mwa 100 aliwonse, osaukitsitsa, amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, kapena amene wamphamvu mmodzi akudyetsa anthu oposa atatu. Wodwala matenda amgonagona amawerengedwa ngati wopanda mphamvu, ndipo apa m'pamene masabata a bwana ndi Mtukula Pakhomo akanagwirana dzanja. Ndalama zake n'zochepa, koma sizitha pa sabata ya 12.

Vuto ndi nthawi. Kalembera sabwera chifukwa munthu wagona; amabwera pakapita zaka, ndipo olemba amaona denga, ziweto ndi katundu wa m'nyumba. Amene anakhomera malata ali pa ntchito amaoneka wopeza bwino, ngakhale m'nkhokwe muli mbee. Kunena mosapsatira, bwana amasiya munthu asanachire, boma limamupeza atagulitsa kale mbuzi ndi njinga.

Penshoni nayo simutsekera dzenjeli. Kuyambira 2011 bwana amasonkha 10 peresenti, wantchito 5, ndipo dokotala akatsimikiza kuti munthu sadzagwiranso ntchito, ndalamazo zimatuluka. Wa chifuwa chachikulu amachira, ndiye khomo limeneli si lake.

Achinyamata a ku Ntaja ndi Ulongwe amene anapita ku Joni amadziwa kuti kumeneko kuli thumba la UIF, limene wantchito ndi bwana amasonkhamo mwezi ndi mwezi, ndipo limalipira wodwala malipiro akaima. Limathandiza olembedwa mwalamulo okha, osati amene alibe mapepala, koma mlatho wowolotsa wodwala ulipo. Kuno kulibe.

Ndipo zonsezi tikukamba za anthu ochepa. Msodzi wa pa nyanja ya Chilwa, mlimi wa thonje wa ku Phalula, wakabaza wa pa Balaka, alibe bwana woti amupatse ngakhale sabata imodzi. Akagona, mayi a m'nyumba amakakongola ku banki m'khonde, ana akuluakulu n'kuyamba maganyu m'minda ya eni.