Kodi mumadziwa? Za azungu, amwenye ndi ife kuno ku Mitundu ndi Nathenje

Kodi mumadziwa kuti mtsinje wa Lilongwe, uwu wochokera ku Dzalanyama, unali malire a khungu? Boma la Lilongwe litakhazikitsidwa mu 1904, azungu anamanga maofesi ndi nyumba zawo tsidya lakumadzulo, komwe lero ndi Area 3. Masitolo a amwenye, msika ndi nyumba za anthu akuda zinali tsidya lakum'mawa. Masitolo ambiri a amwenye ali komweko mpaka pano.

Kodi mumadziwa kuti agogo athu ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu pamsewu? Nkhaniyi inawawa anthu kwambiri moti inatuluka pa kafukufuku amene atsamunda anachita John Chilembwe atawaukira mu 1915.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale fodya anali ndi tsankho? Mu 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anatsegula esiteti ya Mbabzi n'kuyamba kugawira alimi akuda mbewu kuti adzawagule fodyayo. Ulimiwu unafala m'chigwa chonse cha Lilongwe, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board yoti izilembera alimi ndi kuyang'anira misika. Wakuda ankalima chikopa, pamene fodya wa mtengo wabwino anali wa maesiteti a azungu. Chodabwitsa n'chakuti titalandira ufulu mu 1964 mpandawo sunagwe. Maesiteti ambiri anangosintha eni, n'kukhala a akuluakulu akuda, ndipo mlimi wamba wa ku Mitundu analoledwa kulima fodya wa bale wakewake cha mu 1990.

Kodi mumadziwa kuti Buku Lopatulika lili ndi dzanja la Mabunu? Mukadutsa pa Nathenje kulowera ku Dedza n'kukhota pa Kamphata, mufika ku Nkhoma, mishoni imene a Dutch Reformed Church ochokera ku Cape anatsegula mu 1896, atayamba ku Mvera mu 1889. M'busa W. H. Murray ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo, imene inatha n'kusindikizidwa mu 1922, ndipo ankadalira aphunzitsi akuda amene maina awo satchulidwa kawirikawiri. Mpingo womwewo kwawo unadzaikira kumbuyo tsankho la apartheid. Kuno unasiya chipatala, masukulu ndi Chichewa cholembedwa. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo amene amanena imodzi yokha akukubisirani ina. Ulamuliro wa Sinodi ya Nkhoma unaperekedwa m'manja mwa Amalawi mu 1962.

Kodi mumadziwa kuti Gule Wamkulu anayankha mzungu pabwalo? Amishoni atalimbana ndi dambwe, kunatuluka Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, kudzanso Maliya. Anthu amene sankaloledwa kuyankha bwana pamaso anamuvina, amayi akuomba m'manja. Gule yemwe uja ankatchedwa wachikunja, bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005.

Kodi mumadziwa kuti panalibe munthu wakuda mu Legislative Council, nyumba ya malamulo ya atsamunda, kuyambira 1907 mpaka 1949? Sekondale yoyamba ya ana akuda, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940, patatha zaka pafupifupi 50 chiyambireni utsamunda.

Kodi mumadziwa kuti likulu lathu linayamba kumangidwa ndi ngongole ya boma la tsankho? Mu 1967 Malawi anamanga ubale wa ukazembe ndi South Africa, maiko ena a mu Africa akuipewa. Kumeneko kunachokera ndalama zoyambira ntchito ya Capital Hill. Mtsogoleri wa dzikolo, John Vorster, anabwera kuno mu 1970, Kamuzu Banda naye anapita kumeneko mu 1971, ndipo Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Kamuzu ankati kukambirana n'kumene kungafewetse Mabunu. Anzake ankati wagulitsa abale. Mkanganowo sunathe mpaka lero.

Nanga ya Wenela? Nthawi yomweyo amuna ambiri a m'midzi yathu ino anali m'migodi ya ku Joni, akugona m'makomponi a akuda okhaokha. Mu April 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu opita kumigodiko, inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi opitirira 70, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu. Kulembako kunadzayambiranso mu 1977.

Kodi mumadziwa kuti nafenso tinasankha ena? Kuyambira 1970 boma linayamba kuchotsa amwenye m'malo amalonda akumidzi, ndipo pofika 1978 anali atawaunjika m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Ankati malonda apite kwa eni dziko. Ena anapinduladi, koma masitolo ambiri anangotsekedwa, chifukwa wolowa m'malo analibe mpamba ngakhale womupatsa katundu pangongole. Ena mwa ochotsedwawo anabadwira konkuno ndipo ankalankhula Chichewa kuposa ana a m'tauni amasiku ano. Mabanja ambiri anasamukira ku Leicester, ku England, komwe akuluakulu ena amalonjeranabe m'Chichewa.

Ndipo Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, mwini wake anafuna aphunzitsi achizungu, osati Amalawi.

Kodi mumadziwa kuti tsopano kusala munthu chifukwa cha khungu n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko lino? Gawo 20 la malamulo a 1994 limaletsa tsankho la mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo kapena komwe munthu anachokera. Limateteza wogulitsa mbatata pa Mitundu, mmwenye wa sitolo ku Area 2 ndi Mburundi wa golosale pa Nathenje chimodzimodzi.