Wophunzira Ntchito Aziuzidwa Msanga Mmene Wagwirira

Nyengo yosankha fodya ikafika, alimi ambiri amalemba anthu atsopano. Amawaonetsa kamodzi masamba a m'munsi, a pakati ndi a kunsonga, kenaka nkuwasiya okha. Kulakwa kwawo kumadzadziwika belo litabwezedwa ku okushoni kaamba kosakaniza magiredi, ndalama zitatayika kale.

Kungobwereza ntchito sikuphunzitsa munthu. M'chaka cha 1927 Edward Thorndike wa ku Amereka anamanga anthu nsalu kumaso nkuwauza kuti ajambule mizere ya utali wakutiwakuti. Amene sankauzidwa kanthu sanasinthe kwenikweni ngakhale anajambula kambirimbiri, koma amene ankauzidwa ngati akhoza kapena alakwa anayamba kulondola. Mu 1932 Trowbridge ndi Cason anapeza kuti wouzidwa kukula kwa kulakwa kwake ndiye amaphunzira msanga koposa.

Kampani ya Emery Air Freight, yotumiza katundu pa ndege, inaziona zimenezi cha m'ma 1970. Antchito ake ankayenera kuika timaphukusi topita dera limodzi m'bokosi limodzi lalikulu kuti mtengo wotumizira utsike. Iwo ankakhulupirira kuti amatero ka 90 pa 100 paliponse. Atawerengera bwino, kunapezeka kuti ndi ka 45 kokha. Anthuwo sankadziwa basi. Tsono anapatsidwa mapepala oti azilembapo okha zimene achita, ndipo akapitawo anauzidwa kuti aziyamikira nthawi yomweyo akaona kusintha, ngakhale kochepa. Chiwerengero chija chinakwera mpaka 95.

Komabe si mawu onse amathandiza. Mu 1996 Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi anasonkhanitsa zofufuza za zaka zambiri, napeza kuti pa maulendo atatu alionse amene munthu anauzidwa za ntchito yake, koposa kamodzi ntchitoyo inkaipirapo. Choipa kwambiri ndi mawu oloza munthu m'malo moloza ntchito. Mukamuuza mnyamata kuti ndi chitsiru, maganizo ake amachoka pa fodya nkupita pa manyazi ake. Ambirife tinaphunzira mokalipiridwa chotere, nchifukwa chake chizolowezichi sichitha msanga.

Motero, alimi anzathu, masiku oyamba khalani pafupi ndi wophunzirayo m'chigafa. Tengani mulu umene wasankha, tulutsanimo tsamba losayenera, muliike pambali pa loyenera, ndipo anene yekha kusiyana kwake. Mulu ukakhala bwino, muuzeni pomwepo, ndipo tchulani chimene wakhoza, kaya ndi mtundu, kaya ndi utali. Dzanja likazolowera muziyendera patalipatali, koma musanamange belo onaninso mulu umodzi kapena iwiri muli naye limodzi.