Kukhwacha kuli ndi lamulo lake pa masamu a algebra

Ophunzira a ku sekondale amene akukonzekera mayeso a MSCE amakumana ndi mafunso ochulukitsa mafulakishoni okhala ndi zilembo, ndipo apa mpamene malikesi amatayika mosavuta kaamba kokhwacha mopupuluma.

Lamulo lake ndi lakuti asanachulukitse kalikonse, wophunzira ayambe waphwanya gawo la pamwamba ndi la pansi kukhala tizigawo tochulukitsana, njira imene aphunzitsi amaitcha factorisation.

Mwachitsanzo, pochulukitsa (x² − 9)/(x + 2) ndi (2x + 4)/(x − 3), gawo la x² − 9 limasanduka (x − 3)(x + 3), pomwe la 2x + 4 limasanduka 2(x + 2). Zikatero, (x − 3) ndi (x + 2) zimapezeka pamwamba ndi pansi pomwe, choncho zimakhwachidwa n'kutsala 2(x + 3). Wokayika aike 5 m'malo mwa x pa funso komanso pa yankho. Konseko apeza 16.

Chololedwa kukhwachidwa ndi chochulukitsa basi, osati chophatikiza. Pa (x + 2)/2, wokhwacha 2 wa pamwamba ndi wa pansi amatsala ndi x, chonsecho x akakhala 4 yankho loona ndi 3.

Palinso china chomwe yankho lofupikitsidwa limabisa, ndipo aphunzitsi ndi alangizi a maphunziro sayenera kuchilekerera. Poti nambala siigawidwa ndi ziro, pa chitsanzo choyamba chija x sangakhale 3 kapena −2, ngakhale tizigawo timeneto takhwachidwa kale. Wophunzira wosamala amalemba zimenezi pambali pa yankho lake.