Khutuba ya Ijumaa ku Malindi: Nyanja Yadzaza, Munda Wauma

Tikuyamika Allah (SWT), ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad (SAW).

Chaka cha 2024 chidationetsa zachilendo. M'mwezi wa Malichi boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala, pomwe miyezi yomweyo nyanja idakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo kuno ku Mangochi. Madzi pakhomo, chimanga chikupserera kumunda. Chifukwa chake n'chakuti mitsinje yambiri yodzaza nyanjayi ili kumpoto ndi ku Tanzania kumene mvula idachuluka, pamene khomo lotulukira ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Zitseko za ku Liwonde sangangozitsekula zonse, poopa kumiza abale athu a ku Chikwawa ndi Nsanje, amene namondwe Freddy adali atawasautsa kale mu 2023.

Ena amati izi ndi qadar, tingokhala chete. Zoonadi palibe chochitika popanda chifuniro cha Allah, koma Surat Yusuf ikutiphunzitsa kuti Mneneri Yusuf (AS) atadziwa za zaka zisanu ndi ziwiri za njala, adalangiza kuti chakudya chisungidwe m'zaka za zokolola zambiri. Imeneyo ndiyo ndondomeko. Nalo dziko lathu lidakhazikitsa ndondomeko yake ya kusintha kwa nyengo mu 2016, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa, kotero kuti wootcha makala popanda chilolezo amalandira chilango chowawa.

Tisanamizane, malamulo otere amapweteka wosauka msanga kuposa wolemera. Mayi wowamba nsomba afuna nkhuni lero. Mnyamata wotsika ndi thumba la makala kuchokera ku Namizimu ali ndi ana oti adye. Msodzi naye nyanja ikatsekedwa mu Novembala amangoyang'ana khoka lake lili pamtunda. Boma likaletsa popanda kupereka njira ina, limangochulukitsa ziphuphu pamsewu, ndipo wopereka ndi wolandira onse ali m'tchimo. Komabe mapiri akayera, mvula imakokolola nthaka n'kuithira m'malo oswanirana nsomba. Akuluakulu akukumbukira chambo cha m'nyanja ya Malombe mmene chidaliri chisanathe m'zaka za m'ma 1990. Icho chidatha ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, mwini wake aliyense akuti nsomba sizingathe.

Mwayi uli pomwepo pamene pali vuto. M'madoko ena a boma lino muli nyumba zapulasitiki zoumitsiramo usipa ndi dzuwa. Nsomba yake siona mchenga, ntchentche kapena mvula, sifuna mtengo ndi umodzi womwe, ndipo pamsika mtengo wake umaposa wa pathandala. Munthu mmodzi sangaimange, koma amalonda khumi a mzikiti umodzi angathe kusonkha n'kugawana phindu ndi kutayika komwe, umene ndi mgwirizano wa halali wopanda riba. Chimodzimodzi pampu yoyendera dzuwa: n'zochititsa manyazi kufa ndi njala madzi ali pamphuno, pomwe tomato, anyezi ndi chimanga chachiwisi zingalimidwe m'chilimwe. Kumunda tisasiye chinangwa, mapira ndi nandolo, pakuti zimapirira ng'amba, ndipo nandolo amafunidwa mpaka ku India.

Chenjezo langa lipite kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi. Mu 2023 boma lidatsegula njira ya malonda a mpweya, m'mene makampani akunja amalipira anthu osunga mitengo chifukwa mitengo imayamwa mpweya wotenthetsa dziko. Ndalama zake n'zabwino zikafika kwa eni nkhalango. Koma mapangano ake amatenga zaka zambiri, mwina kupitirira moyo wa wosayinayo. Shariya siilola malonda a gharar, ogulitsa chinthu chosadziwika bwino. Musadinde chala musanamve kuti malo ndi aakulu bwanji, zaka ndi zingati, ndalama zidzera kwa yani, ndiponso ngati amayi adzaloledwabe kutola nkhuni ndi bowa. Pepala liwerengedwe pagulu m'Chiyao kapena m'Chichewa, mboni zilipo, ndipo lina lotere litsale m'mudzi.